Diazepam Watsitsidwa pa Mankhwala a Nkhawa, Koma Wolowa M'malo Mwake Afuna Nthawi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linasintha malangizo ake pa za mankhwala a matenda a nkhawa m'caka ca 2023. Kusinthako kukhudza kiliniki iliyonse muno m'Zambia, ngakhale kuti sikunamveke kwambiri kunja kwa misonkhano ya anthu a zaumoyo.

Mu July caka cimeneco, bungweli linatulutsa mndandanda watsopano wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kwa zaka zambiri, pa gawo la nkhawa panali dzina limodzi lokha, diazepam, amene anthu ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda lakuti Valium. Pa mndandanda watsopanowo diazepam sanacotsedwe, koma pambali pake panalembedwa mawu omumanga: aperekedwe kwa nthawi yocepa cabe, pamene nkhawa yakula modzidzimutsa ndipo munthu afunika thandizo la mwamsanga. Pa gawo lomwelo panalowa fluoxetine pamodzi ndi abale ake monga sertraline ndi escitalopram, mankhwala amene anayamba kudziwika ngati ocizira matenda a kukhumudwa.

Mu November, malangizo a mhGAP, amene analembedwera anamwino ndi ma clinical officer ogwira nchito kumene kulibe dokotala wa matenda a maganizo, anamveketsa nkhaniyi. Mankhwala a gulu la diazepam, ochedwa benzodiazepine, asagwiritsidwe nchito pocizira munthu wamkulu wodwala nkhawa yosatha kapena mantha obwera mwadzidzidzi. Ngati aperekedwa pa ngozi, asapitirire masiku 3 mpaka 7.

Papepala nkhaniyi ndi yapafupi: piritsi lina licoke, lina lilowe. M'kacipinda ka clinical officer amene panja pamuyembekeza mzere wofika kucipata, sizili conco. Piritsi lotsitsidwalo limagwira nchito ola lisanathe, ndi lochipa, ndipo limapezeka m'kabati. Lokwezedwalo limatenga masabata, limafuna kuti wodwala abwerenso kangapo, ndiponso kuti mwezi wamawa alipezenso pawindo lolandirira mankhwala.

Matenda obisala m'thupi

Nkhawa aliyense amakhala nayo. Mlimi wa ku Petauke akaona mitambo ya mu January ikudutsa osagwetsa dontho, tulo sabwera. Kholo la ku Kanyama likaganiza za lendi ndi unga, cimodzimodzi. Imeneyo si matenda, ndipo palibe piritsi limene lingagwetse mvula. Madokotala amayamba kunena za matenda pamene nkhawayo yakana kucoka kwa miyezi yambiri, yakula kuposa cimene cinaiyambitsa, ndipo ikulepheretsa munthu kugona, kugwira nchito, ngakhale kukwera minibasi kupita m'tauni. Ena imawadya pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ena imawagwera ngati mphenzi: mtima kugunda, kubanika, thukuta, cizungulire, munthu n'kukhulupirira ndithu kuti akufa, kenako pakapita mphindi zowerengeka zonse n'kuzizira, kumusiya akuopa tsiku limene zidzabwererenso.

Malinga ndi WHO, anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa m'caka ca 2019, kutanthauza anthu pafupifupi 4 pa 100 alionse, ndipo mwa ofunika thandizo, mmodzi yekha pa anayi ndiye amalilandira. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni muno m'Zambia. Ngati muyezo wa padziko lonse uja ungagwire nchito kuno, ndiye kuti nkhani ikukhudza anthu oyandikira 800,000.

Ambiri mwa iwo sakafika pa kiliniki ndi mawu akuti nkhawa. Amanena za mtima wothamanga, mutu wolemera, m'mimba motentha, manja onjenjemera, kapena amangoti BP yakwera. Amapimidwa malungo, sapezeka. Amapatsidwa panado, n'kubwerera kunyumba, sabata yamawa abweranso. Kupimako si kulakwa, cifukwa matenda ena amathupi amavala nkhope yomweyo: cithokomiro cogwira nchito mopitirira, kucepa kwa magazi, kutsika kwa shuga, matenda a mtima, ndiponso thupi la munthu amene wasiya mowa mwadzidzidzi. Vuto limabwera paulendo wacitatu kapena wacinayi, pamene zonse zapimidwa, wodwala akulira kuti sanagone masiku asanu, ndipo wom'thandizayo ali ndi mphindi zocepa. Apa ndi pamene dzanja limapita ku diazepam.

Cifukwa cake dzanja limapita kumeneko

Ubongo uli ndi mabuleki ake, kanthu kochedwa GABA kamene kamacepetsa liwiro la mauthenga a m'mitsempha. Diazepam amalimbitsa mabulekiwo. Pakatha mphindi 30 mpaka 60 munthu atameza piritsi, minofu imamasuka, mtima umakhazikika, tulo timabwera. Kwa munthu amene wakhala miyezi akuzunzika, cimeneci cimaoneka ngati cozizwitsa, ndipo amene anamulembera mankhwalawo amasanduka dokotala wodziwa kuposa onse m'dera.

Ndipo diazepam sangasowe m'cipatala, cifukwa ali ndi nchito zina zopulumutsa moyo. Ndiye amene namwino amathamangira mwana wa malungo akayamba kukomoka ndi kugwedezeka. Amathandiza wodwala khunyu amene kugwa kwake kwakana kuleka, wodwala kafumbata amene thupi lauma, ndiponso cidakwa cimene cikunjenjemera ndi kuona zinthu zosaoneka citasiya mowa. Aliyense wofuna kuti mankhwalawa aletsedwe kotheratu sanakhalepo usiku m'wodi ya ana nyengo ya mvula.

Lonjezo limene labwerezedwa kanayi

Mbiri ya mankhwala a nkhawa ili ndi cizolowezi cimodzi codabwitsa. Mankhwala atsopano alionse amafika ndi mawu akuti awa ndiye alibe vuto la akale aja.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali ma barbiturate. Mmodzi wa iwo, phenobarbital wa m'caka ca 1912, akali kuthandiza odwala khunyu m'maiko ambiri a mu Africa. Monga mankhwala okhazika mtima pansi, gululi linapha anthu ambiri, cifukwa mlingo wogoneka munthu ndi mlingo womupha sizinatalikirane. M'caka ca 1955 ku America kunabwera meprobamate, wogulitsidwa ndi dzina lakuti Miltown, ndipo anthu anam'thamangira mpaka masitolo kutha katundu. Pasanapite zaka zambiri zinadziwika kuti nayenso amamanga munthu.

Kenako kunabwera Leo Sternbach, katswiri wosakaniza mankhwala amene anaphunzira ku Kraków m'dziko la Poland, n'kusamukira ku America m'caka ca 1941 pothawa nkhondo. Akugwira nchito pa kampani ya Hoffmann-La Roche ku New Jersey, anapanga mankhwala ena amene anaiwalika pa shelefu mpaka 1957, pamene anapezeka poyeretsa m'cipinda cofufuzira. Atawayesa pa nyama anaona kuti akuzifatsitsa osazigoneka kotheratu. Anayamba kugulitsidwa mu 1960 ndi dzina lakuti Librium, ndipo mu 1963 kunatsatira mng'ono wake wamphamvu, Valium. Kuyambira 1969 mpaka 1982 panalibe mankhwala ena olembedwa ndi madokotala amene anagulidwa kuposa Valium ku America. M'caka ca 1978 cokha anagulitsa mapiritsi oposa 2 biliyoni, ambiri mwa iwo kwa amayi.

Cenjezo linalipo kuyambira paciyambi. Mu 1961 dokotala Leo Hollister anaonetsa kuti odwala amene anamwa Librium wambiri kwa miyezi n'kumusiya mwadzidzidzi ankadwala kwambiri, ena mpaka kukomoka ngati akhunyu. Anthu anati zimenezo ndi za mlingo waukulu cabe. Zinatenga zaka pafupifupi 20 kuti zivomerezeke kuti ngakhale mlingo wamba wolembedwa ndi dokotala ungam'mange munthu. Mu 1979 nyumba ya malamulo ya Senate ku America inaitanitsa umboni pa nkhaniyi motsogozedwa ndi Edward Kennedy. Mu 1984 bungwe la United Nations linaika ma benzodiazepine oposa 30 pansi pa pangano la 1971 loyang'anira mankhwala osintha maganizo. Mu 1988 komiti yoona za citetezo ca mankhwala ku Britain inalangiza kuti aziperekedwa kwa masabata 2 mpaka 4 basi, ndiponso kwa nkhawa yaikulu yokha.

Lamulo kulembedwa ndi kwina, kutsatidwa ndi kwina. Lipoti la bungwe la Public Health England la mu 2019 linapeza kuti m'caka ca 2017 mpaka 2018 akuluakulu 1.4 miliyoni ku England analandira benzodiazepine, ndipo pafupifupi 120,000 anali atamulandira mosadukiza kwa zaka zitatu. Apa n'kuti patapita zaka 30 cikhazikitsire malire a masabata anayi, m'dziko limene wodwala aliyense ali ndi dokotala wake ndi faelo yake. Ku America, kumene madokotala analemba zikalata 92 miliyoni za mankhwalawa mu 2019, bungwe la FDA linalamula mu September 2020 kuti pa paketi iliyonse pakhale cenjezo lalikulu koposa lokhudza kuzolowera ndi kuopsa kwa kusiya mwadzidzidzi.

Lonjezo lacinayi linali pregabalin, amene maiko a ku Ulaya anamuvomereza pa nkhawa mu 2006. Mu April 2019 Britain inamuika pa mankhwala oyang'aniridwa mwapadera ataona kuculuka kwa omumwa molakwika ndi imfa zokhudzana naye.

Mmene msampha umagwirira

Ubongo ukalimbitsidwa mabuleki tsiku ndi tsiku, umayamba kufooketsa mabuleki ake enieni kuti zinthu zifanane. Pakapita masabata, piritsi limene linkagoneka munthu usiku wonse limangom'fikitsa pakati pa usiku. Akalisiya, thupi limatsala lopanda mabuleki. Nkhawa imabwerera yoposa yoyamba ija, limodzi ndi kusowa tulo, kunjenjemera, thukuta, kumva phokoso laling'ono ngati bingu, ndipo kwa ena kukomoka kumene kungaphe. Wodwalayo, posadziwa, amaganiza kuti matenda ake akula ndipo mankhwala okhawo ndiwo akumusunga. Amabwerera kukapemphanso. Akakanidwa pa kiliniki amapita ku sitolo ya mankhwala, akakanidwanso amafunsa m'komboni. Munthu wotere sanayambe ndi colinga coledzera. Kawirikawiri ndi mayi wa m'kwaya ya ku chalichi kapena bambo wa pa ofesi amene anamvera malangizo onse.

Pali ngozi zina zosayembekeza kuzolowera. Diazepam amakhalitsa m'thupi masiku angapo, makamaka mwa okalamba, amene amayamba kuiwala, kudzandira ndi kugwa n'kuthyola ciuno. Dalaivala amene wamwa piritsi usiku angakhale akali wolemera m'maso m'mawa pa msewu wa Great East. Koposa zonse pali mowa. Mowa ndi diazepam zimaponda buleki imodzi, ndipo zikakumana zingacedwetse kupuma mpaka munthu osadzukanso. Cimodzimodzi ndi codeine wa m'mankhwala ena a cifuwa. M'dziko limene boma linacita kuletsa tujilijili mu 2012 cifukwa ca mmene tinaonongera acinyamata, ndipo kacasu akali kuphikidwa m'makomboni ndi m'midzi, nkhani imeneyi si ya m'mabuku.

Piritsi locedwa ndi zovuta zake

Fluoxetine, amene anavomerezedwa ku America kumapeto kwa 1987 ndi dzina lakuti Prozac, pamodzi ndi abale ake ochedwa ma SSRI, amagwira nchito pa kanthu kena ka mu ubongo kochedwa serotonin. Saledzeretsa, sabweretsa cibaba, ndipo munthu safunika kuonjezera mlingo mwezi ndi mwezi. Umboni wa kafukufuku wambiri ukuonetsa kuti amathandiza pa nkhawa yosatha ndi mantha adzidzidzi, ngakhale kuti si onse amene amapeza bwino, ndipo ena amafunika kuyesa mtundu waciwiri.

Koma amacedwa. Phindu limayamba kuoneka pakatha masabata 2 mpaka 6. Coipa n'cakuti m'masiku oyamba munthu angamve nseru, mutu, kusowa tulo, ndipo nkhawayo ingayambe yakwera isanatsike. Wodwala amene sanauzidwe zimenezi amataya paketi pa tsiku lacinayi, n'kuuza anansi kuti mankhwala a ku cipatala anam'pengetsa. N'cifukwa cake amayamba ndi mlingo wocepa, n'kuonana nayenso patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Kwa acinyamata kuonanako n'kofunika kwambiri. FDA inacenjeza mu 2004, n'kuonjezera cenjezolo mu 2007 kufikira a zaka zosakwana 25, kuti ena mwa iwo angakhale ndi maganizo ofuna kudzipha m'masabata oyamba. Palinso vuto limene odwala sakonda kulichula pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wawo: mankhwalawa amacepetsa cilakolako ca m'banja mwa anthu ambiri ndithu, ndipo bambo kapena mayi amangosiya kumwa mwakacetecete.

Munthu akapeza bwino amafunika kupitiriza kwa miyezi yosacepera 6, ena caka cathunthu, kuopa kuti matenda angabwerere. Ndipo apa mbiri ija ikuonekeranso. Kwa zaka zambiri madokotala ankanena kuti kusiya ma SSRI kumangovuta sabata imodzi kapena ziwiri. Odwala ankanena zina: cizungulire, maloto oipa, kumva ngati magetsi akudutsa m'mutu, kwa miyezi. Mu 2019 bungwe la Royal College of Psychiatrists ku Britain linavomereza kuti kwa ena zizindikirozi zimakhala zazikulu ndiponso zokhalitsa, ndipo malangizo a dzikolo anasinthidwa. Sizifika pa kuopsa kwa kusiya diazepam, koma nawonso safuna kudulidwa tsiku limodzi. Fluoxetine amavutako pang'ono pa mbali imeneyi cifukwa amacoka m'thupi mocedwa, pamene paroxetine ndiye wodziwika ndi vutoli.

Kwa Zambia mfundo imeneyi ikutanthauza cinthu cimodzi coonekeratu: wodwala amene wayambitsidwa SSRI, n'kupeza kuti mwezi wacitatu mankhwala kulibe, wasiyitsidwa mwadzidzidzi osati ndi dokotala koma ndi kabati yopanda kanthu.

Mankhwala ena awiri amalowa m'nkhaniyi cifukwa ndi ofala m'makiliniki. Amitriptyline ndi wakale, wochipa, amagonetsa, ndipo amathandiza pa kukhumudwa ndi ululu wa m'mitsempha. Koma mapiritsi ake akamwedwa ambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima, motero kupereka a mwezi wathunthu kwa munthu wotaya ciyembekezo n'kuika cingwe m'manja mwake. Propranolol, wa BP ndi mtima, amacepetsa kugunda ndi kunjenjemera koma sakhudza maganizo enieniwo, ndipo kwa wodwala mphumu angatseke cifuwa.

Anthu oposa 1 miliyoni muno amamwa ma ARV, ndipo nawo ali ndi mbali yawo. Efavirenz, amene kwa zaka zambiri anali msana wa mankhwala a HIV, amadziwika pobweretsa maloto oopsa, kusowa tulo ndi nkhawa mwa ena. Kuyambira ca m'ma 2018 ambiri anasamutsidwira ku dolutegravir, amene savutitsa motero, ngakhale ena amadandaulabe za tulo. Ritonavir amacedwetsa ciwindi kuphwanya ma benzodiazepine ena, motero amaunjikana m'magazi. Rifampicin wa TB amacita zosiyana, amafulumizitsa ciwindi mpaka diazepam kutha mphamvu msanga. Funso lakuti kodi mukumwa mankhwala ena ati limatenga masekondi khumi, koma pa mzere wautali ndi loyamba kuiwalika.

Pakati pa apolisi ndi odwala

Diazepam ali pansi pa maso a mabungwe awiri. Zambia Medicines Regulatory Authority, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, imapereka zilolezo kwa oitanitsa ndi ogulitsa mankhwala. Drug Enforcement Commission imagwira nchito ndi lamulo la 2021 la mankhwala osokoneza bongo, limene linalowa m'malo mwa la 1993, ndipo yakhala ikulengeza kawirikawiri za anthu ogwidwa ndi mapiritsi a diazepam komanso mabotolo a mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine. Mwalamulo palibe amene ayenera kugula diazepam popanda cikalata ca dokotala.

Kuti mpanda wa mankhwala uli ndi ziboo zinaonekera poyera mu May 2025, pamene kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka cifukwa ca kubedwa kwa mankhwala operekedwa mwaulere. Mankhwala amene ananenedwawo anali a malungo, HIV ndi TB, osati a nkhawa. Komabe ciboo cimene mankhwala a malungo angatulukire, kapiritsi kakang'ono kokhala ndi msika m'komboni sikangakanike kupitapo.

Yankho lacibadwa pa vuto lotere ndi kumangitsa, ndipo kumangitsa kuli ndi mtengo wake. Mankhwala akaopedwa kwambiri, woyang'anira kiliniki ya kumudzi amayamba kupewa kuwaitanitsa poopa mabuku ndi mafunso, ndiye mwana wokomoka amafika usiku n'kupeza palibe comuimitsira. Maiko ambiri a mu Africa anaona zimenezi pa morphine, pamene mantha a kuzolowera anasiya odwala khansa akufa ndi ululu. Kwa wozolowera diazepam, kutseka zitseko zonse tsiku limodzi kungam'gwetse pansi ndi kukomoka, kapena kum'tumiza kwa ogulitsa a m'njira, kumene piritsi lolembedwa dzina lina lingakhale ndi cina ciliconse m'kati.

Mbali ina ya vutoli ndi dzina. Cipatala ca Chainama Hills ku Lusaka, cotsegulidwa mu 1962, ndico cacikulu pa matenda a maganizo, ndipo dzina lake linasanduka citonzo m'kamwa mwa anthu, moti mwana wosamvera amaopsezedwa nalo. Munthu amene vuto lake ndi mtima wogunda usiku salola kuonedwa akulowa pa cipata cimeneco, ndipo wa ku Lundazi kapena Katete sangayende ulendo wonsewo cifukwa ca tulo. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linafafaniza lamulo la atsamunda la 1949 ndi mawu ake onyoza odwala, linabwera ndi colinga coteteza ufulu wawo ndi kufikitsa thandizo pafupi ndi kumene amakhala. Madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, ambiri ali ku Lusaka, ndipo mtolo waukulu uli pa anamwino ndi ma clinical officer. Malangizo a 2023 aja analembedwera iwowa. Koma WHO yomweyo imanena kuti pa ndalama za zaumoyo, maboma padziko lonse amapereka pafupifupi 2 pa 100 ku matenda a maganizo, ndipo maiko osauka amapereka zocepera apo.

Thandizo losakhala m'botolo

Malangizo a mhGAP sanaime pa mapiritsi. Anaikanso uphungu waufupi wotsata ndondomeko, umene umaphunzitsa munthu kuzindikira maganizo omuopseza, kupuma modekha mantha akabwera, ndi kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene wakhala akuwathawa. Anachulanso maseŵera olimbitsa thupi ocitidwa mokhazikika. Ubwino wa uphungu ndi wakuti zimene munthu waphunzira zimatsala naye uphunguwo ukatha, pamene mphamvu ya diazepam imatha limodzi ndi piritsi.

Mwina wina anganene kuti zimenezo ndi za maiko olemera. Umboni wina wamphamvu unacokera kutsidya kwa Zambezi. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi ogwira nchito zaumoyo m'madera kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki ndi kukambirana ndi anthu ovutika ndi cimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Kafukufuku wa nchitoyi, yochedwa Friendship Bench, anafalitsidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA. Anakhudza anthu 573 m'makiliniki 24. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi, pafupifupi 12 pa 100 ndiwo anali akali ndi zizindikiro za nkhawa, poyerekeza ndi 48 pa 100 mwa amene analandira thandizo la masiku onse.

Muno mu Lusaka, njira yochedwa CETA, yoperekedwa ndi aphungu wamba ophunzitsidwa, inayesedwa pa mabanja a m'makomboni, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2020 zinaonetsa kucepa kwa nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa mwaucidakwa. Colinga ca kafukufukuyo sicinali nkhawa payokha, koma anatsimikiza kuti munthu wopanda digiri ya udokotala angathe kupereka uphungu woona, ngati waphunzitsidwa ndipo pali womuyang'anira. Zambia ili kale ndi gulu lalikulu la aphungu amene anakula ndi nchito ya HIV. Funso ndi lakuti adzawalipira ndani, popeza ndalama zambiri za nchitoyo zinkacokera kunja.

Amene ali kale m'kati

Malangizo atsopano amateteza wodwala wa mawa. Sanena zambiri za amene wakhala akumeza piritsi usiku uliwonse kwa zaka zisanu. Kwa iye, namwino amene wangomva kuti diazepam ndi woipa n'kumukaniza lero lomwe angamuvulaze kuposa amene anamuyambitsa.

Njira yotulukira inakonzedwa makamaka ndi pulofesa Heather Ashton, amene anayendetsa kiliniki ya anthu otere ku Newcastle m'dziko la England kuyambira 1982 mpaka 1994, n'kuthandiza oposa 300. Anapeza kuti ambiri angathe kusiya, ngati mlingo ukucepetsedwa pang'ono kwambiri pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, wodwalayo ali ndi mawu pa liwiro lake, ndipo zizindikiro zikavuta aima kaye pa mlingo womwewo m'malo mobwerera m'mbuyo. Ulendowo umatenga miyezi, kwa ena kupitirira caka. Odwala amene anazolowera mitundu yotha msanga m'thupi, monga lorazepam ndi alprazolam, ankawasamutsira kaye ku mtundu wokhalitsa kuti magazi asamakwere ndi kutsika ngati mafunde. Mtundu wokhalitsawo ndi diazepam yemweyo.

Ndiye kuti kiliniki yofuna kumasula odwala ake iyenera kukhala ndi diazepam wosadukiza, makamaka timapiritsi ta mamiligalamu 2 totheka kugawa pakati, osati ta 5 ndi 10 tokha. Iyenera kukhala ndi kaundula woonetsa amene akutsika ndi pamene wafika, ndiponso munthu mmodzi amene wodwalayo adzamupeza pa mpando womwewo akabweranso patatha masabata awiri.